Gitala Yofiira ya Atelala

Ntchito ya ulangizi wa zaulimi ndi imene inandichotsa kwathu ku Ntcheu n'kukanditula pa boma la Mzimba. Zipani zinali zitachuluka kale, moti pamsika amayi ankavala zitenje za nkhope zosiyanasiyana popanda wowafunsa. Ndinafika ndi mkazi wanga, katundu wochepa, ndi gitala ya bokosi yomwe ndinkaimbira kwaya kwathu. Chitumbuka ndinkangodziwa cha moni.

Atelala ndinadziwana nawo chifukwa cha buluku langa lomwe linang'ambika ndikutsika pa njinga yamoto ya kuntchito. Ankasokera m'kachipinda kena kuseri kwa msika. Anali bambo wamtali, wowonda, wamkulu pang'ono kwa ine, ndipo ankalankhula ali ndi singano pakamwa. Ndikudikira buluku lija ndinaona gitala yofiira itapachikidwa pa msomali, pamwamba pa mulu wa mayunifolomu a ana asukulu. Inali yamagetsi, mtundu womwe ndinkangouona m'manja mwa oimba pa kanema.

"Kodi mumaimba, adada?" ndinawafunsa.

"Nkhuyezga waka," anayankha m'Chitumbuka. Ataona kuti sindinamve anatembenuza lilime. "Ndimangoyesako, alangizi. Ndinabwera nayo kuchokera ku Joni."

Monga amuna ambiri a ku Mzimba, nawonso anali atagwirako ntchito ku Joni, yosamalira maluwa pakhomo pa bwana wina. Anzawo pobwerera ankanyamula mafiriji ndi mipando. Iwo anabwera ndi makina osokera, ndi katoni imodzi yomwe munali gitala, chingwe chake, ndi ampulifaya, kabokosi kokuzira mawu kaja, kamene iwo ankangoti ampu. Zonse zitatu anagula limodzi m'sitolo ya katundu wotchipa. Ampuyo kukula kwake inali ngati chigubu cha mafuta ophikira.

Nditawauza kuti nanenso ndili ndi gitala kunyumba, anachotsa singano pakamwa n'kundiyang'ana bwinobwino.

"Mbwenu mubwere nayo Loweruka masana."

Umu ndi momwe zinayambira. Loweruka lililonse likapendeka dzuwa ankaphimba makina ndi chitenje, ine n'kukhala pa benchi ya makasitomala. Ine ndinkagwira pansi pa nyimbo ndi gitala yanga ya bokosi, iwo n'kumayenda pamwamba ndi yofiira ija, kwinaku akuimba.

Gitalayo inali ndi matenda ambiri. Khosi lake linali lokhota, moti nsambo zinkatalikirana ndi thabwa ndipo zala zinkapweteka pokanikiza. Makiyi ake ankabwerera okha. Mukaitchuna bwinobwino, nyimbo isanathe nsambo yaing'ono inkakhala itatsika kale. Polowetsa chingwe panali pogwedera, ndiye ankapanikizapo ndi kachidutswa ka nsalu. Ampu nayo ikangoyatsidwa inkayamba kulira ngati njuchi zili mumphika. Ndipo ukagwira nsambo utaponda simenti opanda nsapato, nyesi inkakugwira mpaka m'chigongono. N'chifukwa chake ankaimba ataponda chigwagwa, thabwa lotsala pocheka matabwa, lomwe anawapatsa dalaivala wina wa malole a ku Chikangawa. Dalaivala yemweyo ndi amene ankawagulira nsambo akapita ku Mzuzu. Zikaduka iye ali paulendo, tinkasenda waya wa buleki ya njinga n'kumangapo.

Koma zala za munthu uja zinali zina. Ankatha kutenga kaimbidwe ka ku Kongo komwe ankamva pa wailesi n'kukasakaniza ndi kugunda kwa ingoma, gule wa kwawo, mpaka iwe womvera phazi limayamba lokha kuponda. Nyimbo ankapeka okha, zonse m'Chitumbuka. Ndikafunsa tanthauzo ankangondiuza mwachidule: iyi ndi ya ng'ombe yokana goli, iyi ndi ya apongozi obwera kudzacheza osanena tsiku lobwerera, iyi ndi ya nkhungu ya ku Chikangawa yomwe inasocheretsa wocheka matabwa. Ine ndinkaseka n'kubwerera ku zala zanga. Amayi ogulitsa tomato ankasiya malonda n'kudzaima pakhomo. Wapolisi wina wa ku Zomba ankabwera atavula yunifolomu n'kumamenya tebulo lodulira nsalu ngati ng'oma.

Chaka china ndinagula foni yotha kujambula mawu. Ndinafika nayo Loweruka mtima uli m'mwamba, n'kuiika pa makina osokera.

"Lero tijambule ija ya nkhungu," ndinatero.

Anaitenga foniyo, n'kuitembenuza uku ndi uku, kenako anandibwezera m'manja.

"Ayi, alangizi, ndapota. Gitala iyi imalira ngati mphaka wapanidwa pachitseko. Anthu adzamva phokoso, osati nyimbo. Tiyembekeze ndipeze yeniyeni, mbwenu tikajambule ku situdiyo ku Mzuzu ngati anthu."

"Komatu ine ndimaimva bwino."

"Inu mumandikonda, n'chifukwa chake."

Ndinabwezera foni m'thumba. Nthawi zina ndinkayambitsanso nkhaniyo, yankho n'kukhala lomwelo. Nyimbo zinali zawo, ndipo panalibe chotithamangitsa.

Kenako kunabwera ukwati wa ku Jenda. Bambo wina wogula fodya, yemwe atelala anamusokera suti, anatimva tikuimba ndipo anati tikasangalatse anthu pa madyerero a mwana wake wamkazi. Aka kanali koyamba kuitanidwa kunja kwa kachipinda kaja. Atelala anasoka malaya awiri ofanana, a maluwa obiriwira. Unali mwezi wa Juni, mphepo ikuluma. Tinamanga ampu kumbuyo kwa njinga yamoto, iwo atabereka gitala yawo kumsana, yanga ataigwira m'manja, n'kutsika ndi msewu mpaka ku Jenda.

Madyerero anali pabwalo, magetsi ake a jenereta. Nyimbo zoyamba zinayenda bwino kuposa momwe tinkayembekezera. Pa ija ya apongozi amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa, ena n'kulowa m'bwalo akululutira. Mdala wina anaimirira ndi ndodo yake n'kuyamba kuponda ingoma. Ndinayang'ana atelala ndipo ndinaona atatsinzina, akumwetulira.

Tili pakati pa ija ya nkhungu, ampu inayamba kulankhula. Poyamba ndinkayesa kuti ndi munthu ali kumbuyo kwathu. Koma mawuwo ankachokera m'kabokosi kaja: inali itakoka wailesi, ndipo muulutsi ankafotokoza mpira. Atelala akakweza mawu a gitala, muulutsi nayenso ankakwera. Anyamata anayamba kukuwa kuti tisiye kuimba amve zigoli. Bwalo lonse linafa nacho chikhakhali. Atelala anagwada n'kumagwedeza chingwe, kukanikiza kansalu kaja, kumenya ampu ndi chikhatho. Jenereta inabangula mwadzidzidzi, ndipo m'kabokosimo munatuluka kautsi ndi fungo la waya wopsa. Basi kunali zii.

Eni ukwati sanakwiye. Anatithokoza, natipatsa mpunga ndi nyama, kenako anakabwereka zoimbira pa bala ina yapafupi. Atelala sanakhudze mbale yawo. Anakulunga chingwe pang'onopang'ono, n'kuvala jekete pamwamba pa malaya a maluwa aja, ngakhale kuti dzuwa linali litatentha.

Pobwerera anandigwira paphewa kuti ndiime. Tinaima m'mbali mwa msewu, malole a matabwa akutidutsa.

"Ndikubwerera ku Joni," anatero.

"Adada, anthu aja amaseka wailesi, osati inu. Simunaone momwe anavinira?"

"Ndinaona. N'chifukwa chake ndikupita. Nyimbo zilipo, alangizi. Chosowa ndi chida."

Ndinayesa kuwauza kuti gitala yabwinopo ingapezeke ku Lilongwe, kuti tikhoza kufunsa matchalitchi omwe amagulitsa zakale. Iwo anati zimenezo n'zotsala za anthu ena. Akazi awo, omwe ankakhala kumudzi kufupi ndi Champhira n'kumalima, anakana kwambiri. Anati ulendo woyamba unali wa njala, nanga uwu ndi wa chiyani? Koma munthu akatsimikiza mtima sumugwira mwendo. Wokonza mawailesi pamsika anaidzutsa ampu ija, ngakhale kuti mawu ake anatsala osasa ngati a munthu wa chimfine, ndipo tinaimbabe Loweruka lililonse mpaka anthu atamaliza kukolola. Atelala atagulitsa chimanga chawo anatseka kachipinda kaja, makina n'kuwatumiza kumudzi. Gitala ndi ampu anabwera nazo kunyumba kwanga.

"Muziigwiragwira," anatero, "nsambo zingachite dzimbiri."

Miyezi yoyamba ankaimba foni kawirikawiri. Anapeza ntchito yothandiza amisiri omanga nyumba. Anandiuza kuti anaiona gitala yomwe ankaifuna, ili pa windo la sitolo ina m'tauni, ya mtundu wa uchi, ndipo mwini sitolo anawalola kuigwira. Anati nsambo zake zinali zofewa ngati ulusi. Ankalankhula ngati mnyamata amene waona mbeta. Pakati pa mawu ndinkamva akutsokomola, koma anati ndi fumbi la simenti.

Kenako mafoni anayamba kutalikirana, mpaka anasiya. Ndikaimba inkangolira. Mvula itagwa n'kutha, tsiku lina m'mawa ndinapeza akazi awo atakhala pansi pakhonde la ofesi yathu, atafunda chitenje kumutu. Anati chifuwa chija chinakula, anzawo anawatengera kuchipatala mochedwa, ndipo thupi lili m'njira.

Linabwera pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, monga amabwerera ambiri a kumeneko. Pamodzi ndi bokosi panali chikwama chawo. Achibale atachitsegula anapezamo zovala, bulangete, nsapato za ana, ndi timapaketi ta nsambo za gitala pamodzi ndi chingwe chatsopano chokhuthala. Gitala ya mtundu wa uchi munalibe. Anzawo omwe anaperekeza maliro sankadziwa ngati anafika poigula.

Tinawaika kumudzi kwawo. M'mawa mwake, achibale atakhala pansi pa mitengo pafupi ndi khola, ndinatulutsa gitala yofiira ndi ampu n'kuzipereka kwa akulu awo a malemu, bambo wa imvi amene ankayendetsa zonse. Anazilandira ndi manja awiri.

"Yewo chomene, alangizi," anatero. "Tinkangomva kuti m'bale wathuyu ankaimba ku boma. Ambiri pano sitinamumvepo. Tiimbireniko imodzi ya iye."

Mudziwo unalibe magetsi, choncho ampu inangokhala pansi ngati mwala. Ndinatenga gitala n'kuitchuna. Gitala yamagetsi yopanda ampu ilibe mawu. Imangonong'ona, ngati udzudzu. Anthu anasendera pafupi, ena n'kutchera khutu ndi dzanja. Ndinayamba ija ya nkhungu, koma zomwe zala zanga zinkadziwa zinali mbali yanga yokha, yapansi ija, yongobwerezabwereza. Mbali ya atelala, yomwe inali nyimbo yeniyeniyo, sindinkaitha.

Akazi a malemu anali atakhala pamphasa ndi amayi ena. Anadzutsa mutu.

"Alamu, imbani ndi mawu ake. Kuno kunyumba ankangong'ung'udza, mawu sankatchula. Ankati tidzamva ikadzatuluka."

Ndinatsegula pakamwa. Ndinkakumbukira kamvekedwe kake, pokwera ndi potsika, koma Chitumbuka chake ndinali ndisanachigwire. Ndinaimba mzere umodzi momwe unkamvekera m'makutu mwanga. Amayi aja anayang'anana. Zomwe ndinatchulazo sizinali mawu a chilankhulo chilichonse. Ndinayesanso kachiwiri, kenako ndinasiya, zala zili pa nsambo. Mkulu wa mpingo anayambitsa nyimbo ya m'buku, anthu n'kuilandira. Ndinatsamiritsa gitala pamtengo n'kuimba nawo.

Nditabwerera ku boma ndinafufuza aliyense amene ankaima pakhomo la kachipinda kaja. Amayi a tomato ankakumbukira kuti ankaseka, ndi mawu awiri atatu a ija ya apongozi, koma aliyense ankanena zosiyana ndi mnzake. Wapolisi uja anali atasamutsidwa. Dalaivala wa malole anati iye ankamvera gitala, osati mawu. Ku ukwati kuja kunali wojambula kanema, ndipo ndinamupeza ku Jenda, koma anati mbali yathu anaidula chifukwa cha chisokonezo chija, n'kuikapo nyimbo za oimba otchuka.

Ndinakhalabe ku Mzimba zaka zingapo, ndipo Chitumbuka ndinadzachiphunzira ndithu, mpaka kumachitira misonkhano ya alimi popanda womasulira. Chinabwera nthawi yake itapita. Gitala yofiira ndinamva kuti akulu awo a malemu aja anaipereka kwa achinyamata a mpingo wina, ndipo sindinaitsatirenso.

Akazi a atelala anaphunzira kusoka pa makina aja n'kukakhala pakhonde la sitolo ina ku Jenda. Nditalandira uthenga woti ndasamutsidwira ku Mchinji, ndinaima pamenepo kuti nditsanzike. Anandipatsa mpando, n'kutumiza munthu kukagula chimanga chootcha. Tinakambirana za mvula, za mtengo wa feteleza, za mwana wawo wamkulu amene anali atayamba sekondale. Za nyimbo sitinatchule. Ndikunyamuka anaona kuti kolala ya malaya anga yatha, ndipo anati ndiwasiyire aitembenuze. Ndinawauza kuti galimoto ya katundu ikundidikira. Anati sizitenga nthawi. Ndinakhalanso pansi nditavala jekete lokha, n'kumayang'ana mabasi akukweza anthu, iwo akupalasa makina.