Nyali imene a Eneya anaimata

A Eneya a ku Chiringa anali ndi njira imodzi yothetsera mavuto: kusawaona. Pamene ankapalasa kabaza, njinga ikayamba kulira kumbuyo ankayamba kuimba. Atakhala kondakitala wa minibasi, chitseko chikagwedera ankachimanga ndi mphira n'kulengeza kuti chachira. Mmene ankalembedwa ntchito yoyendetsa pikapu ya mayi Esime, ogula nandolo pa Migowi, n'kuti luso limeneli litakhwima. Galimoto ikagogoda kunsi, iwo ankakweza wailesi.

Koma kuba sankaba. Ankanena zimenezi kawirikawiri, ngakhale popanda wowafunsa, ndipo zinali zoona.

Tsiku lina akutsika ku Fort Lister, kanyali kachikasu kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Anakayang'ana, nako kanawayang'ana. Madalaivala a pa Migowi amadziwa mankhwala a kanyali kotere: ena amamata tepi yakuda, ena amatsekapo ndi chithunzi cha mwana. A Eneya anamatapo sitika yolembedwa kuti ZONSE NDI MULUNGU. Mayi Esime, amene ndi Msilamu, anaiwerenga n'kuvomereza kuti mawuwo alibe cholakwika. Za chimene chinali kuseri kwake sanafunse.

Patapita miyezi itatu, pikapu inayamba kumwa petulo ngati munthu wopeza thobwa laulere pa chinkhoswe. Ulendo umene kale unkatha muvi wa mafuta uli pakati, tsopano unkatha muviwo utagona chagada. Utsi unada, ndipo injini ikaima inkanjenjemera ngati yadwala malungo.

Mayi Esime sanakalipe. Anangoyamba kukwera nawo, kutsogolo, chikwama pamiyendo, maso pa muvi. A Eneya akaima kuti akataye madzi patchire, mayi ankatsika n'kukaima pafupi ndi chotsekera thanki. Pamsika inamveka nkhani yoti a Eneya amayenda ndi kapayipi koyamwira petulo m'thumba. Akazi awo anaimva ku mjigo, n'kubwerako ndowa yosadzaza. Lachisanu mayi Esime ananena mwaulemu kuti ngati kumene mafuta akupita sikudziwika, Lolemba alandire makiyi awo.

Pa Migowi ponse, makaniko amene anali ndi kachipangizo kofunsira galimoto matenda ake anali Rosemary, wophunzira ku sukulu ya ntchito zamanja. A Eneya sankakonda kupitako. Kale ankamunyamula pa kabaza kupita naye kusukulu, ndipo kuyambira nthawi imeneyo anali wofunsa mafunso. Koma Loweruka anapita, mayi Esime ali pambali pawo ngati wapolisi.

Rosemary anapisa chala mu ekizozi, chinatuluka chili bii ndi mwaye. Anachinunkhiza. Kenako analowetsa kachipangizo kake kunsi kwa chiwongolero, n'kuwerenga zimene zinabwera pa foni yake. Anafunsa kuti nyali inayamba liti kuyaka.

"Nyali iti, mwanawe?" anatero a Eneya, akuyang'ana phiri la Michesi.

Iye anamatula sitika ija ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, kuti asang'ambe dzina la Mulungu. Kanyali kanali pomwepo, kakuyaka mokhulupirika.

"Galimoto yakhala ikukuitanani, bambo. Inu mwaitseka pakamwa."

Anafotokozera mayi Esime kuti pa payipi ya ekizozi pali kachitsulo kotchedwa sensa. Ntchito yake ndi kununkhiza utsi n'kuuza injini ngati petulo wachuluka kapena wachepa. Aka kanali katafa mphuno, ndiye kankangonena kuti injini ili ndi njala, injini n'kumathiriridwa mafuta osaleka. Mayi Esime anati zoti kanthu kofanana ndi chala, kopanda ngakhale kamwa, kangamwe petulo wa munthu, akauze ena.

Anadikira kuti payipi izizire. Rosemary analowa kunsi, anamasula waya, n'kupeza sensa itagwirana ndi dzimbiri. Anapoperapo mafuta, anadikiranso, anawonjezera chitsulo pa sipanala kuti italike, mpaka sensayo inalira n'kugonja. Inatuluka yakuda ngati kunsi kwa poto. Akuipenda, anafunsa ngati galimotoyi inamwapo petulo wa m'zigubu, uja wosakaniza ndi palafini, chifukwa ameneyo amapha sensa msanga.

A Eneya anayang'ana pansi. Ankadziwa bwino amene anawatuma kwa mlongo wake wogulitsa petulo m'zigubu nthawi imene mafuta anasowa, ndipo munthuyo anaima pomwepo ndi chikwama chake. Kwa nthawi yoyamba, luso lawo losaona zinthu linagwira ntchito yabwino. Mayi Esime anatsokomola, n'kufunsa ngati mvula ibwere msanga chaka chino.

Sensa yatsopano inafika Lolemba m'mawa kuchokera ku Limbe, itakulungidwa m'nyuzi, pa minibasi yoyamba. Rosemary anaipaka timafuta pa mazinga ake, anaimanga, analumikiza waya, n'kuzimitsa nyali ija ndi foni. Mayi Esime anati sakhulupirira foni. Analamula kuti thanki idzazidwe iwo akuona, matumba a nandolo akwezedwe, apite ku Fort Lister n'kubwerako.

Njira yonse a Eneya sanayatse wailesi. Ankamva kamwala kalikonse, ndipo thukuta linanyowetsa kolala. Pachitunda injini inakoka mosatsokomola. Pobwerera anaima dala, n'kupita kukataya madzi kutali ndithu, akuchedwa. Atacheuka anaona mayi Esime ali chikhalire pampando.

Anafika pa Migowi muvi utangosuntha pang'ono. Mayi anauyang'ana nthawi yaitali, anaugogoda ndi chala kuona ngati sukunama, n'kutsika. Makiyi anawasiya pomwe anali.

"Mawa mukatenge nandolo ku Chiringa," anatero. "Ine msana wandipweteka, sindipita."

Madzulo a tsikulo anamveka akuuza amayi anzawo pamsika kuti iwo sananenepo kanthu za kapayipi, ndi anthu chabe amakonda mabodza.

A Eneya anakatenga sitika yawo kwa Rosemary, poti inali isanathe ulimbo. Panali kanyali kena kofiira, kojambulidwa munthu womanga lamba, kamene kankawasowetsa mtendere kuyambira kale. Anayamba afunsa ngati kameneko kakukhudzana ndi petulo. Atamva kuti ayi, anamatapo.