Msilikali amene ndinkapereka dala

Pa mpikisano wa chesi ku Chipata ndinatuluka tsiku loyamba lomwe. Anandigonjetsa bambo wina wofatsa wa ku Katete, tiyi amene anabwera naye asanazizire n'komwe. Ndinakwera basi yobwerera ku Lundazi.

Loweruka lake ndinapalasa njinga kupita ku Mphamba, kwa aphunzitsi anga akale amene anandiphunzitsa masewerawa ndili kusekondale. Matenda a shuga anali atawatseka maso, mwendo umodzi atawadula kuchipatala. Ndinawapeza pakhonde, mwana wawo wamkazi akusoka fodya pachigafa.

"Monire," anatero atamva mawu anga. "Yala bolodi, undiwerengere mmene munayendera."

Ndinatulutsa pepala langa limene ndinalembapo mayendedwe onse. Ndinali nditayamba monga momwe anandiphunzitsira: kukankha msilikali wa kutsogolo kwa mfumu, kenako wapambali pake kumupereka dala kuti mdani adye, njira itseguke. Paboma chiyambi chimenechi chinandipambanitsa zaka zambiri. Ine ndikuwerenga, iwo ankapapasa ndi zala n'kumasuntha okha.

Nditafika pamene bambo uja anatulutsa mfumukazi yake cha m'mphepete n'kuopseza mfumu yanga, dzanja lawo linaima.

"Iwe unatchinga ndi msilikali, iye n'kudyanso ameneyo," anatero.

"Mwadziwa bwanji, aphunzitsi?"

Anasisita kavalo wamtengo ndi chala.

"Inenso wina anandipha choncho, ku Chipata komweko, iwe usanabadwe. Ndinafunafuna yankho lake mpaka kutopa. Sindinalipeze."

"Nanga osandiuza bwanji zaka zonsezi?"

"Kuno kunalibe woudziwa msampha umenewo. Ndipo ndinkafuna uzindiona ngati katswiri."

Mtima unandiwawa. Ndinayamba kulongedza. Anandipempha kuti ndisiye bolodi mmene inalili, tiyesere limodzi mwina awirife tingapeze yankho, koma ndinati njira ndi yaitali. Ndinatenga ndi kavalo yemwe anali m'manja mwawo.

Sindinapitekonso. Mvula itayamba ndinkanamizira matope. Anamwalira chimanga chikumasula. Pamaliro mwana wawo anandiuza kuti Loweruka lililonse ankamutuma kukasuzumira kumsewu.

Yankho ndinadzalipeza pambuyo pake pafoni ya mnzanga wa kuntchito, ndipo silinatenge nthawi. Sutchinga ayi. Umangosuntha mfumu kamodzi cham'mbali, masewera n'kupitirira. Ndinamubwezera foniyo n'kubwerera pa tebulo langa.