Juzi Yofiira ndi Sitima ya M'mwamba

Juzi ija inali yofiira psuu, ya ubweya weniweni, osati zakaunjika mukuvala masiku anozi zoti kungochapa kamodzi zasanduka thumba. Inali ndi mabatani paphewa, ndipo inkanunkhira sopo wa m'nyumba yaikulu. Ndinaivala masiku owerengeka chabe, koma mpaka lero ndikatsinzina ndimamva mmene inkandiyabwira pakhosi.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, zimenezo sindibisa. Baibulo ndimawerenga cholozera ndi chala. Koma pa nkhani ya Lilongwe musandiphunzitse, ana inu. Mzinda uno ndinauona ukumera. City Centre mukuitamayo, ndi mabanki ake, ine ndinaipeza ili tchire ndi fumbi la malole otuta njerwa.

Abambo anga anali gadeniboyi ku Area 9. Tinachoka kumudzi n'kudzakhala m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya abwana, chipinda chimodzi, pafupi ndi dzenje la zinyalala. Abwanawo sanali mzungu, musathamangire kuganiza choncho. Anali munthu wakuda, Mchewa mnzathu, wa boma lomwe lino la Lilongwe, kungoti anaphunzira n'kukhala wamkulu mu ofesi. Lamulungu tinkapemphera tchalitchi chimodzi, iwo kutsogolo, ife kumbuyo. Akazi awo, amene tinkawatchula kuti adona, anali otsogolera nyimbo za amayi, ndipo mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe sunkachoka pakamwa pawo. Muusunge mwambi umenewo.

Amayi anga ankalima mpiru pakangodya kamene abwana anatilola kuseri kwa mpanda. M'mawa ankaumanga timitolo ndi luzi, n'kusenza dengu kupita kumsika wa m'tauni. Chaka chimenecho anali oyembekezera, mimba itaoneka kale, koma dengulo ankasenzabe.

Abwana anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, msinkhu wake ngati wanga. Pakapinga wakutsogolo sindinkaloledwa kuponda, koma iye akatopa ndi zidole zake ankazembera kuseri kudzaumba nane ng'ombe zadothi. Sanali mwana woipa, chilungamo ndinene. Tinali owonda mofanana, moti kabudula wake akatha, ine ankandikwana ngati anachita kundisokera.

Inali nyengo yozizira. Mphepo inkasesa fumbi mumsewu, milomo kung'ambika, miyendo kutuwa mbee. M'nyengo yomweyo kunabwera malole odzaza zitsulo, a anthu ochokera kunja kwa dziko lino, n'kumanga zosewerera pabwalo lina kutsidya kwa mlatho. Panali akavalo amatabwa ozungulira, panali chigudumu chachikulu chonyamula anthu m'timipando. Koma chimene tauni yonse inkakamba chinali sitima ya m'mwamba: timabogi tating'ono toyenda panjanji yoimikidwa pamizati, kukwera mpaka kupitirira mitengo, kenako n'kugwa chamutu. Kumsika amayi ankauzana kuti kutauni ina mwana wina anapulumuka pansi pa chitsulo chotchingira n'kugwa. Tauni yake iti, palibe ankadziwa. Koma nkhaniyo inafika mpaka kukhitchini ya adona.

Mwana wa abwana analira sabata yonse kuti akakwere. Adona ankakana. Abwana anati ana a anzawo a ku ofesi akwera kale, wawo yekha asakhale wosekedwa kusukulu. Mkanganowo tinkaumva tili kuseri, mawindo awo anali aakulu.

Lachisanu masana adona anandiitanira pakhonde. Anandiimika chogundana msana ndi mwana wawo, n'kuika chikhatho pamitu pathu. Anandinyamula m'khwapa, kundiika pansi, n'kunyamulanso wawoyo. Anandigwira m'chiuno ndi m'ntchafu monga amachitira munthu wogula mbuzi.

“Ndi amodzi awa,” anatero adona. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi juzi ija. “A gadeni, mawa mwanayu apite nafe kukaona zosewerera. Avale iyi, tizimuona bwino ali patali.”

Abambo anavula chipewa n'kuthokoza. Ine ndinathamangira kuseri ndikulumpha ngati mwana wa ng'ombe. Amayi anaitembenuza juziyo uku ndi uku, n'kufunsa abambo kuti, “Nanga kumuyezako kunali kwa chiyani?” Abambo anangoti sakudziwa, n'kupita kukakulunga payipi yothirira maluwa.

Loweruka limenelo ndi tsiku langa loyamba kukwera galimoto yaing'ono. Abambo anapita nawo kuti azikanyamula basiketi ya zakudya. Tinakhala kumbuyo kwenikweni, koika katundu, ine mphuno ili pagalasi, kufunafuna wondidziwa woti andione. Titadutsa pafupi ndi msika ndinakuwa kuitana anyamata ogulitsa nzimbe, mpaka abambo ananditsina.

Pabwalopo panali phokoso loti sumva mnzako. Jenereta ikubangula, utsi wa dizilo kusakanikirana ndi fungo la shuga wopserera. Ankagulitsa switi wooneka ngati thonje, woti ukaika pakamwa wasowa. Kunja kwa mpanda wa waya kunali ana ambirimbiri osavala nsapato, zala atakoleka pawayapo, kumangoonerera. Ine ndinawadutsa chifuwa chili patsogolo. Dzulo lake ndinali mmodzi wa iwo, koma juzi imaiwalitsa.

Kenako tinafika pasitima ija. Iii, chinali chinthu! Mizati yake inakhazikidwa pazidutswa za matabwa, ndipo mabogi akamadutsa chinyumba chonse cha zitsulocho chinkanjenjemera ngati ng'ombe yogwidwa ndi mphepo. Mwana wa abwana ankakoka dzanja la amayi ake kuti alowe. Adona anamubweza, n'kundikankhira ine kutsogolo.

“Ayambe uyu. Tione ngati chitsulocho chikugwira mwana wa msinkhu umenewu.”

Mawu amenewo ndinawamva onse bwinobwino, palibe limene linandidutsa. Kungoti kwa mwana, kukhala woyamba ndi ufumu. Pakhomo paja chilichonse ndinkalandira chotsala, lero akuti ndiyambe ndine!

Abambo anaika basiketi pansi. “Adona, bwanji ndikwere ineyo, ndikuuzeni mmene chilili.”

“Inu ndinu wamkulu, a gadeni, chitsulo chikugwirani. Tikufuna tione wamng'ono.”

Abambo anayang'ana kwa abwana. Abwana anali akuyang'ana chigudumu chija ngati achita kutumidwa kuti achiwerenge mipando. Ndiye mundiuze inu ophunzira inu, munthu akanatani? Nyumba ndi ya eni ake, pakangodya ka mpiru ndi pa eni ake, mkazi ali ndi pakati, kumudzi munda anagawana kale abale. Ndakhala ndikuwazenga mlandu abambo anga mumtima zaka zonsezi, tsiku lina ndiwapeza olakwa, tsiku lina ndiwamasula. Iwo anagwada pafumbi, n'kundimanga batani la paphewa limene linali lomanga kale.

“Ugwire chitsulo ndi manja onse awiri,” anandinong'oneza. “Ena akakweza manja m'mwamba, iwe usatengere. Wamva?”

Ndinakhala m'kabogi ndekha. Mnyamata woyendetsa anatsitsa chitsulo kuti gwa, osandiyang'ana n'komwe. Pakati pa chitsulocho ndi ntchafu zanga panatsala mpata woti dzungu likanadutsa. Tcheni chinayamba kukoka, ga ga ga ga, msana uli chagada, maso kumwamba. Titafika pamwamba penipeni sitima inachita ngati yaima kuti ipume. Ndinaona tauni yonse ili pansi panga: malata a kumsika, nsanja ya mzikiti, mtsinje ukung'anima, ndi kutali uko fumbi lofiira kumene ankamanga mzinda watsopano. Anthu anali ngati nyerere. Abwana amene, nyerere.

Kenako pansi panachoka.

Matako anasiya mpando, ndinauluka, ndipo pokhota ndinatsetsereka kulowa kunsi mpaka chitsulo chinandimenya pachifuwa n'kudzandikola pachibwano. Miyendo inali ikupalasa mphepo. Ndinadziluma lilime, mkamwa munadzaza mchere. Manja okha ndi amene anatsala pamalo pake, monga ananenera abambo. Ndipo ndinkakuwa, anthu inu, osati ndi mantha ayi, ndi kukoma! Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chimenecho. Ndakwera malole, ndakwera njinga zamoto, ndakwatira, ndabereka, koma palibe chinandikomera ngati kanthawi kamene ndinatsala pang'ono kufa m'malo mwa mwana wa eni.

Nditatsika ndinapempha kuti ndibwereze. Adona anandikweza juzi n'kuona mzere wofiira pachifuwa, ananditsegula pakamwa n'kuona magazi. Kenako anatembenukira kwa abwana.

“Mwaona? Ndimanena ine. Chimatayirira. Wanga sakwera chimenechi.”

Mwana wawo anadzigwetsa pansi ndi kulira. Anamutengera kwa akavalo amatabwa, kumene anazungulira mamina ali chuchuchu, ine ndikumuseka chamumtima. Pobwerera adona anaona madontho a magazi pakhosi pa juzi, n'kunena kuti ndingoitenga ikhale yanga, yadetsedwa kale. Abambo anathokozanso. Ponyamula basiketi ndinaona kuti m'chikhatho mwawo mukutuluka magazi, waya wa mpanda umene anagwirira ndili m'mwamba atawacheka. Ndinaganiza kuti ndi kusasamala kwawo.

Kunyumba ndinafotokoza zonse mokweza, paja mawu aakuluwa sindinawayambe ndili nkhalamba. Amayi anali pamphasa akusankha mpiru wa mawa lake. Ndinawasonyeza mzere wa pachifuwa ngati mendulo. Ndinawayeserera mmene ndinalendewera. Ndinabwereza ngakhale mawu a adona, ndi kamvekedwe kake komwe, kuti amayi amve mmene anandisankhira ine kusiya mwana wawo. Manja a amayi anaima.

“Inu munali pomwepo?” anafunsa abambo, osakweza mawu.

“Ndinali pomwepo.”

“Ndiye?”

“Ndiye tikanakagona kuti?”

Amayi anandikokera pamiyendo pawo, mimba yawo ikundigunda kumsana, n'kundigwira mwamphamvu mpaka ndinayamba kudzipotokola kuti andisiye ndikauze anzanga.

Ndinauza aliyense. Alonda a nyumba zoyandikana, ana a kumpopi, a Sande sukulu, onse anadziwa kuti mwana wa gadeniboyi anakwera sitima imene mwana wa bwana anaikanika. Juziyo sindinkavula ngakhale dzuwa litatentha. Mpaka tsiku lina amayi anati aichape. Pobwera kosewera ndinawapeza atakhala pakhomo, atadula m'munsi mwake ndi lezala, akusolola ulusi n'kumaukulunga pachitsononkho. Theka la juzi linali litapita kale.

Ndinalira ngati pamaliro. Ndinagubuduka, ndinawatchula mawu oti mwana satchula mayi ake. Sanandimenye, sanandilalatire. Anangoti, “Luzi latha,” n'kupitiriza kusolola. Luzi linali lisanathe, mtolo wake unali pomwepo patsindwi.

Kuyambira tsiku limenelo mpiru wa amayi unkamangidwa ndi ulusi wofiira. Nyengo yonse yozizira mpaka kutentha kunayamba, timitolo tofiira m'chiuno tinkapita kumsika. Tina tinkalowa m'khitchini ya adona momwe, poti nawonso ankagula kwa ife. Ngati anauzindikira ulusiwo, sananene kanthu. Amayi ankawapatsa moni chogwada monga mwa masiku onse, ndipo Lamulungu adona ankayambitsa nyimbo, amayi n'kumavomera kumbuyo.

Abambo anagwira ntchito pakhomo paja mpaka msana unapindika. Za tsiku lija sanazitchulepo, ndipo ine ndinadzazimvetsa iwo atapita kale, nditanyamula mwana wanga woyamba m'manja. Masiku ano zidzukulu zanga zimandikakamiza Loweruka kuti tipite kumalo osewerera ana amene adzaza m'tauni muno. Ndimapita. Koma mwana asanakhale pampando, ndimagwedeza chitsulo ndekha, ndimalowetsa mkono pampata, ndimakalipira anyamata oyendetsawo mpaka anthu kutembenuka. Mwana wanga wamkazi amati, “Adadi, mukutichititsa manyazi.” Achite manyazi. Ine wanga sayesera mwana wa munthu, ndipo mwana wa munthu sayesera wanga.

Koma nthawi imeneyo zonsezi ndinalibe nazo mutu. Ndinkakhala pambali pa dengu kumsika, milomo ili chotupa ndi mkwiyo, kuonerera juzi yanga ikuchoka pang'onopang'ono m'mabasiketi a anthu osawadziwa. Ndinkawayang'ana amayi akumanga mfundo, kukoka ulusi ndi mano mpaka kuduka, ndipo ndinali wotsimikiza mumtima kuti ndadziwa chifukwa chake. Ndinkati ndi nsanje, poti iwo sanakwerepo sitima ya m'mwamba.