Kalata Imene Inkadikira Dalitso

Ndikakumbukira agogo Mbewe, ndimamva fungo la fumbi lotentha la makompyuta awo atatu, amene ankalira ngati njuchi m'chipinda chotseka makatani ngakhale masana. Sanali agogo anga enieni. Ankakhala okha pakhomo loyang'anizana ndi lathu mumzinda wa South Bend, atapuma pa ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Amayi akakhala pa shifiti, ndinkati ndikaweruka kusukulu n'kukakhala kwawo.

Ankakonda kundionetsa pulogalamu imene ankailemba. "Taona, Chikondi, ntchito izi siziyenda pamzere. Iliyonse ndimailembera zimene ikufuna, koma sipita kukazitenga yokha. Imangodikira. Ikapatsidwa zonse, imadzuka."

"Nanga ikapanda kupatsidwa?" ndinafunsa.

Anangoyang'ana pasikirini.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri anadwala, nakamwalirira kuchipatala ku Indianapolis. Maliro atatha, Loweruka lina masana, ine ndi amayi tinalowa m'nyumba mwawo kukalongedza katundu. Makompyuta anali akulirabe. Pasikirini panali funso: "Walowa ndani?" Ndinataipa dzina langa.

Nthawi yomweyo printa inadzuka pakona. Amayi anakuwa, "Mayo!" n'kugwetsa mbale. Panatuluka pepala lofunda, loyamba ndi mawu akuti, "Chikondi, ngati ukuwerenga izi, ine kulibe." Agogo anali atakonza kuti kalata iliyonse idikire zinthu ziwiri: masiku ambiri iwo osakhudza kompyuta, ndi dzina la mwini wake. Amayi anataipa dzina lawo, kalata yawo inatuluka.

Panatsala mzere umodzi: "Kalata ya Dalitso: ikudikira Dalitso." Ameneyu anali mwana wawo wa ku Speedway, pafupi ndi Indianapolis, amene sankalankhulana naye, ndipo ngakhale kumaliro sanabwere. Amayi anamuimbira foni. "Bwera, mwanawe, bambo ako akusiyira mawu."

"Ingozimitsani, anti," anayankha choncho n'kudula.

"Nditaipe dzina la a Dalitso ine?" ndinafunsa.

"Iyayi. Si yako."

Kompyutayo tinaisiya yoyatsa mpaka mwezi unatha. Ndikamadutsa pakhomopo ndinkaimva ikulira m'nyumba yopanda munthu, ndipo ndinkathamanga. Tsiku lobweza makiyi kwa mwini nyumba, amayi anayamba apemphera kaye, kenako anazula chingwe.

Lero nanenso ndimalemba mapulogalamu. Ntchito iliyonse yodikira inzake ndimaiikira malire a nthawi, kuti akakwana ileke, inene kuti chimene imadikira sichinabwere. Anzanga ku ofesi amati ndimachita kunyanya. Za Dalitso sindinawauzepo.