Denga la Bwato la Atate

Fungo la phula lotentha ndi utuchi wa mlombwa limandibwezera ku Madzimoyo, chilimwe chija ndili m'giledi 4. Atate, omwe anali kalipentala, ankakhala chikamwini m'mudzi mwa amayi, ndipo chaka chimenecho banja lawo linali litagwedezeka. M'nyumba munalibe ndewu, koma munalibenso mawu. Amayi akafuna kanthu kwa atate ankatuma ine, ngakhale onse ali pakhonde limodzi. Ine ndinkangofuna kuti atate asachoke.

Atate anali ndi kabwato kamatabwa kophera nsomba padamu la pafamu ina. Damulo litaphwa, anabwera nako pangolo, nakaika kuseri kwa nkhokwe, n'kuyamba kukakhomera denga. Anaimika mapaipi akale, pamwamba nayalapo matabwa opyapyala, m'mipata n'kumatamo phula. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa bwatolo kunali mabowo osungiramo katundu. Amenewa anawapangira zivundikiro, m'mphepete n'kukhomamo mphira wa chubu cha njinga kuti madzi asalowe. Dzuwa linkaswa mtengo, nyenje zikulira m'misuku, phula likundimata kumapazi.

Odutsa ankaseka. Amalume, mlongo wawo wa amayi komanso mwini mbumba, ankafunsa ngati alamu awo amva zoti kukubwera chigumula, poti nyumba yomwe anamanga okha inkadontha koma osaifolera. Atate ankangomwetulira, msomali uli kukamwa.

Ine ndinkadzilimbitsa mtima kuti munthu wokhoma misomali yambiri chotere sangapite kulikonse. Zivundikiro zitatha, anaika diresi langa m'bowo, natseka, nakhuthulira ndowa ya madzi pamwamba, diresi n'kutuluka louma. Ndinavina ndithu.

Tsiku lopaka penti, atate analowa m'bwato nagona chagada, kuona ngati mapazi akutulukira kunja kwa denga. Sanatulukire. Ndinakwera kuti ndigone pambali pawo, koma malo panalibe, matabwa a m'mbali ankandifinya.

"Nanga ine ndizigona pati, atate?"

"Iwe uli ndi kwanu, mama," anatero, maso ali kudenga. "Mudzi uno ndi wako."

Ndinakondwa ngati andipatsa mphatso. Mvula isanagwe, lole yopita kumtsinje wa Luangwa inaima pamsewu, amuna nakweza bwatolo, ndipo atate anakwera kumbuyo komweko ndi bulangete lawo ndi bokosi la zipangizo. Amayi sanatuluke m'nyumba. Ndinalira mpaka mawu anatha.

Kwa zaka zambiri ndinkawakwiyira kuti anayeza molakwa, kalipentala wathunthu, mpaka ine kusowa pogona. Lero ndikudziwa kuti mkamwini akasudzulidwa amasiya nyumba, munda ndi ana m'manja mwa eni mbumba. Muyeso unali wolondola. Anakhoma denga lokwana munthu mmodzi, poti ndi mmodzi yekhayo amene mwambo unawalola kutuluka naye m'mudzi: iwo eni.