Kusudzulidwa kwa Aphunzitsi Afonso

Bambo Afonso anafika ku Lichinga akali mnyamata, atatumidwa kudzaphunzitsa kuchokera ku Inhambane, kumene mitengo ya kokonati imamera ngati udzu. Anatsika ndege mu Juni atavala malaya a manja aafupi. Amene anawamvera chisoni nkuwabwereka juzi ya mlongo wake anali Luzia wa ku Lione. Anakwatirana, nakhala ku Chiuaula, mu Lichinga momwemo, zaka makumi anayi.

Chinyanja chawo chinali chokhota mpaka ukalamba, koma ana athu ambirimbiri anadziwira kuwerenga m'manja mwawo, ndipo wowatcha mlendo sadziwa chimene akunena. Chigwada ankachitcha matapa, nkumadandaula kuti cha nsinjiro zokha sichikoma.

"Ndiye kadyeni kwanu, aphunzitsi," Luzia ankatero, uku akuwaonjezera china.

Luzia atamwalira, chaka chitatha, abale ake anasonkhana kuti awasudzule. Emílio, mlongo wa malemu, anayankhula mwaulemu monga mwa mwambo: "Alamu, munatisungira bwino m'bale wathu. Tsopano mwamasuka, mukhoza kubwerera kwanu."

Anali mawu a mwambo chabe, koma a Afonso anawatenga momwe analili. Ana awo anali kale kutali ndi ntchito. Anakhoma nyumba, nakwera basi.

Masiku anayi nkhope ili pawindo: mapiri amiyala a ku Cuamba, minda ya tiyi ya ku Gurúè, Zambezi wotambalala ku Caia, nkhalango zosatha. Dziko lonseli ankaliphunzitsa pamapu, ndipo tsopano ankatchula okha maina a mitsinje chapansipansi, popanda womuuza.

Ku Inhambane anapeza pamene panali nyumba ya mayi awo pali sitolo. Adzukulu a mkulu wawo anawakhazika pampando wa alendo nkumawayankhula m'Chipwitikizi, poti a Afonso akayankhula, chiyankhulo cha kwawo chinkatuluka chosakanikirana ndi Chinyanja ndi Chiyao. Matapa a kokonati anadya ndithu, koma okha, patebulo, ana akuwasuzumira pakhomo.

Patapita milungu itatu, Emílio akukumba mbatatesi ku Lione, anangoona munthu waima m'mbali mwa munda ndi kachikwama.

"Alamu, mwaiwala chiyani?"

"Palibe. Ndabwera kudzafunsa ngati pafupi ndi Luzia pali malo."

Emílio anatsamira khasu.

"Kumanda kwathu mkamwini sanagonepo," anatero. "Koma inu mukadzapita, ndani wina angakutengeni? Malo alipo. Musafulumire nawo."

A Afonso anathokoza, nabwerera ku Chiuaula. Anatsegula mawindo kuti fungo la nkhungu lituluke, nasesa, nateleka madzi a tiyi okwana kapu imodzi.