Dzina Limene Amalume Anabwereketsa

Anafika anthu awiri panjinga yamoto, ine ndikuyanika mpunga pabwalo. Sanasochere ayi. Pamjigo anangotchula dzina langa, ndipo amayi anzanga, okonda kuthandiza alendo aja, anawalozera nyumba yanga. Wina anachita kutula chidebe n'kuwaperekeza kuti amve nawo nkhaniyo ikadali yotentha.

Ndinawayalira mkeka koma anakana kukhala. Wamkuluyo, bambo wonenepa wovala jekete padzuwa loswa mtengo, anati achokera ku bungwe lina lobwereketsa ndalama ku Zomba. Anati ine ndine mphunzitsi, ndinatenga ngongole, ndinasiya kubweza, ndipo pasukulu pamene ndinkaphunzitsa anandisowa. Ndinaseka. Ndinawaonetsa manja anga okakala ndi matope a m'sikimu ya mpunga n'kuwafunsa ngati amenewo ndi manja ogwira choko. Bamboyo sanaseke nawo. Anatchula dzina langa lonse, tsiku langa lobadwa, mudzi uno, mpaka dzina la malemu mayi anga. Mnzakeyo ankangoyang'ana malata, kenako mbuzi, kenako makina anga osokera amene ankaonekera pakhomo, ngati munthu wosankha nsomba pamsika.

"Mayi, aphunzitsi ambiri akakongola amasanduka alimi," anatero wamkuluyo. "Ife sitinabwere kudzakangana. Ulendo winawo sitibwera panjinga, tibwera ndi galimoto."

Atapita ndinakhala pansi pomwepo, nkhuku zikudya mpunga ine ndikuziona. Chimene chinandiopsa kwambiri sichinali galimotoyo. Ndinkamudziwa munthu amene anatenga ngongoleyo, ndipo ndinkadziwanso tsiku limene anatenga dzina langa.

Ndili mtsikana ndinakhoza mayeso a sitandade eyiti n'kusankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Chaka chomwecho bambo anamwalira, ndipo pakhomo panalibe ngakhale ya sopo. Amalume, mlongo wawo wa mayi anga, anali ndi mwana wamkazi wa msinkhu wanga amene analemba mayesowo kangapo koma osasankhidwa. Anabwera kudzakhala pakhonde n'kunena kuti malo a sukulu sayenera kuolera m'manja. Msuweni wangayo apite m'malo mwanga, m'dzina langa, ndipo akadzayamba ntchito adzatikumbukira. Masiku amenewo zoterezi zinkachitika m'midzi yathu, ndipo palibe ankazitcha kuba. Mayi anavomera chifukwa amalume ndiwo anali eni mbumba. Ine sanandifunse. Ndinangouzidwa kuti ndimuphunzitse msuweni wanga tsiku langa lobadwa kuti asakalakwitse akakamufunsa.

Anapitadi, anaphunzira, anakhala mphunzitsi. Satifiketi zake zonse zinatuluka m'dzina langa, ndi mudzi wanga, ngakhale iye kwawo ndi kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, kumudzi kwa mayi ake. Kumudzi anthu ankamuitana dzina lake lakale, kuntchito langa. Tikakumana pamaliro kapena paukwati ankandigwira paphewa n'kunena mwachisuweni kuti, "Mwaswera bwanji eni dzina?" Ndinkaseka nawo, nanga munthu ungatani. Pa Khirisimasi ankanditumizira chitenje, nthawi zina shuga. Zimenezo ndizo ndinapeza pa sukulu yanga.

Kuyambira tsiku la alendo aja ndinasowa mtendere. M'dera lathu njinga zamoto zimadutsa tsiku lonse, zonyamula anthu kupita ku Songani, ndipo iliyonse ikamveka ndinkasiya ntchito n'kutchera khutu. Galimoto ikachepetsa liwiro pafupi ndi kwathu ndinkathawira kuseri kwa bafa, mayi wamkulu ngati ine, wa zidzukulu. Makina osokera ndinakabisa kwa mnansi, mbuzi ndinazitumiza kwa apongozi. Malata okha ndi amene sindikanatha kuwabisa, ndipo ndinkawayang'ana m'mawa uliwonse ngati ndikutsanzikana nawo. Kudya kunandikanika. Amuna anga, munthu wosakonda zoyankhula, ankangoti ndipite kupolisi basi.

Kenako nkhani inafika ku kalabu. Ife alimi a mpunga timatenga feteleza wangongole pagulu, n'kubweza tikakolola, ndipo ine m'zaka zonsezo sindinaphonyepo. Chaka chimenecho obwereketsa anabweza mayina athu onse. Anati m'gulumo muli munthu amene dzina lake lili pakati pa anthu osabweza ngongole, ndipo mabungwe onse amaona mayinawo pakompyuta asanapereke kanthu. Amayi apampando anandiitanira pambali, pansi pa mtengo wa mango, n'kundipempha mwaulemu kuti ndiyambe ndapuma kaye kuti anzanga asafere za eni. Mbande zinali zitakula kale m'nazale. Ndinabwerera kunyumba ndikumva maso a anthu kumsana kwanga. Pamjigo ndikafika nkhani zinkaduka, ena n'kuyamba kutsokomola.

Ndinakwera minibasi kupita ku Zomba. Mu ofesi ya bungwelo ndinapeza mtsikana waulemu, wa zikhadabo zopaka utoto, amene anatenga chiphaso changa cha unzika n'kuchiyang'anitsitsa, kenako n'kuyang'ana pakompyuta. Anavomereza kuti nkhope ya wokongolayo si yanga, nambala ya chiphaso nayonso ndi yosiyana. Ndinapuma kwambiri, ndikuti zatha. Koma iye anapitiriza kuti anthu awiri sangakhale ndi dzina limodzi, tsiku lobadwa limodzi, mudzi umodzi ndi mayi mmodzi. Mmodzi mwa ife ndi wabodza, ndipo iwo sangadziwe kuti ndani. Njira inali yoti ndikanene kupolisi kuti wina akugwiritsa ntchito dzina langa, apolisi akafufuze, andipatse kalata. Popanda kalatayo dzina langa likhalabe lodetsedwa kulikonse.

Anandifunsa ngati ndikumudziwa mayi wa pachithunziyo. Ndinamuyang'ana msuweni wanga, atavala bulauzi yoyera, akumwetulira pamwamba pa dzina langa. Ndinati ndikaganize kaye.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kunena kupolisi kunali kumuchotsa ntchito, mwina kumumangitsa, ndiponso kukokera amalume kukhoti ali ndi ndodo m'manja. Amalumewo nditawafotokozera anangoti za m'banja sizipita kuboma, ndipo chibale ndi fupa sichiola. Ndinawafunsa ngati fupalo lingathire feteleza m'munda mwanga. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, mwina ndinawatukwanadi.

Msuweni wanga ndinamupeza kumudzi kwa mayi ake, kumene anakhala akubisala. Ndinapita ndi mawu okonzeratu, akuthwa, amene ndinawanola njira yonse. Ndinamupeza atagona pamphasa pakhonde, atatha ngati munthu wina, ana ake awiri akumukupiza ntchentche. Ngongole ija anatenga kuti azilipira zipatala ndi asing'anga. Komabe mkamwa munali momwemo. Atandiona anamwetulira n'kuti eni dzina abwera kudzalanda katundu wawo. Ndinamuuza za galimoto, za kalabu, za mbuzi zanga zogona kwa eni. Ndinamuuza kuti ndikupita kupolisi.

"Pitani asuweni," anatero, mawu akutuluka movutikira. "Koma dzinali ine ndalisenza zaka zambiri kuposa inu. Ndalivutikira. Inu mumangolitchula kutchalitchi."

Ndinakwiya koopsa. Munthu wandibera, ali gone pamphasa, n'kumandiuza kuti ine ndiye mlendo pa dzina langa. Ndinanyamuka osatsanzika. Sabata imeneyo ndinafikadi pageti la polisi, ndinaima, ndinawerenga zolembedwa pakhoma, kenako ndinapita kukagula tomato amene sindinkamufuna. Ndinachita zimenezi kangapo. Sindinganene kuti chinali chisoni chokha. Ndinkaopanso kuti apolisi akandifunsa chifukwa chimene ndinakhalira chete zaka zonsezo, anditsekera limodzi naye.

Ndisanalimbe mtima, uthenga unafika kuti msuweni wanga watisiya.

Ndinapita kumaliro monga mwa mwambo, ndinakhala m'nyumba ya siwa ndi amayi anzanga, ndinalira. Ndinalira zenizeni, chifukwa tinakulira limodzi, tinkasambira limodzi mumtsinje. M'mawa wa tsiku loika, galimoto inafika itadzaza aphunzitsi, pamodzi ndi ahedi a sukulu yake ndi bwana wina wochokera ku ofesi ya maphunziro. Anabweretsa bokosi lokongola ndi nkhata zamaluwa. Pa nkhata iliyonse panali kapepala, ndipo pakapepala paliponse panali dzina langa.

Amalume ananditumizira uthenga kuti ndikawapeze kuseri kwa nyumba. Ndinawapeza ataima ndi mmisiri amene anakhoma mtanda, atagwira kachitini ka penti, akudikira kuti auzidwe cholemba. Amalume anamuuza kuti ayambe wachokapo. Anali atakalamba kwambiri tsiku limenelo, maso ofiira. Anandifotokozera kuti ahedi anena zoti boma lidzapereka ndalama za malemu kwa ana ake, koma pokhapokha kalata ya imfa itatuluka m'dzina limene lili kuntchito. Ahediwo ananenanso kuti ngongole za m'mabungwe zimakhala ndi inshulansi, mwini wake akamwalira zimafafanizidwa. Ndiye kuti ndikakhala chete, ngongole ifera limodzi naye, galimoto ija sibweranso, ndipo ana amasiye aja apitiriza sukulu. Ndikatsegula pakamwa pamaso pa alendowa, zonse zitayika.

"Ndinalakwa ine kalekale," anatero amalume. "Koma lero usandivule pamaso pa anthu a boma. Lola alembe."

Ndinamva kuzizira thupi lonse, dzuwa lili pamutu. Kwathu kuno munthu sugona m'bokosi mongoyesa, sutchula za manda ako mwachibwana. Tsono dzina lako kulembedwa pamtanda, iwe ukupuma, n'kukazikidwa kumanda? Ndinaganiza kuti imfa ikadzabwera kudzawerenga mitanda idzapeza kuti yatenga munthu wolakwika, n'kudzandifunafuna. Ndine mkhristu, ndimadziwa kuti Mulungu sasokoneza anthu ake, koma tsiku limenelo chikhristu changa sichinandifunditse. Ndinayang'ana kumene kunali ana aja, atametedwa kale m'maganizo mwanga, atakhala pafupi ndi bokosi la mayi awo. Sindinavomere ndi pakamwa. Ndinangotembenuka n'kubwerera m'nyumba, ndipo amalume anamuitana mmisiri uja.

Pamwambo ahedi anaimirira kuwerenga mbiri ya malemu. Anatchula dzina langa, tsiku limene ndinabadwa, mudzi wanga, sukulu ya pulayimale imene ndinakhozera mayeso. Anati malemuyu anali mwana wanzeru amene anasankhidwa ulendo woyamba. Anthu a m'mudzimo anaweramitsa mitu. Ena ankandiba ndi diso n'kubweza msanga. Amuna anga, amene anakhala kumbali ya abambo, ananyamuka n'kuchokapo. Ine ndinagwira chitenje changa zolimba n'kumamva mmene moyo wanga unayambira, ndi mmene ukanayendera, mpaka pamene anati wathera.

Kumanda ndinayenda kumbuyo. Adzukulu atakwirira, anazika mtanda uja, penti ikadali yonyowa. Zilembo zinali zazikulu, zoyera, zosalakwika ngakhale chimodzi. Ndinkafuna kuthawa koma amayi anali atandipanikiza mbali zonse, akuimba.

Zimene amalume ananena zinachitikadi pambuyo pake. Kalata ya imfa inapita ku Zomba, ngongole inafafanizidwa, dzina linayera, ndipo chaka chotsatira kalabu inandilandiranso ngati palibe chinachitika. Ana aja ali pasukulu. Koma ndikamakumbukira nthawi imeneyo, sindiyamba ndi zimenezi. Ndimayamba ndi nkhata.

Woyendetsa mwambo anali mkulu wa mpingo wa m'mudzimo, munthu wotidziwa tonse kuyambira tili ana. Anaitana amalume kuti aike nkhata, kenako ana a malemu, kenako ahedi ndi bwana uja. Itafika nthawi ya asuweni, anayang'ana pepala lake. Sakanatha kunditchula dzina langa, chifukwa linali pamtanda pamaso pa alendo onsewo. Anakonza kukhosi, anayang'ana amalume, kenako anaitana mokweza dzina lakale la msuweni wanga, limene mayi ake anamupatsa atabadwa.

Palibe anasuntha. Mkuluyo anaitananso, tsopano akundiyang'ana ine m'maso. Mayi amene anali pafupi nane anandiikira nkhata m'manja n'kundikankha pang'ono pamsana.

Ndinadzuka n'kupita.